Chofufutira cha Mayi Rokaya

Kwathu ku mapiri a Nepal, mtsinje wa Karnali
tinkauwoloka m'dengu lachitsulo
lolendewera pa waya mmodzi.
Unkadzikoka wekha, waya akudya zikhatho.
Sukulu inali tsidya linalo.
Mvula ikakula, masamu ankatidikira komweko
mpaka madzi ataphwera.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri
kunabwera oyeza malo a mlatho:
amuna anayi, nyulu zitatu,
ndi mayi wamfupi wa nsapato zamatope
amene tonse tinamuyesa wophika.
Atatsegula bokosi lachikasu
n'kuimika makina pa miyendo itatu,
amalume analavula fodya:
"Kodi injiniya uja ndi ameneyu?"

Dzina lake Yamuna Rokaya.
Sanandiuzepo kuti ndilimbikire sukulu,
sanandifunse chomwe ndidzakhale ndikakula.
Anangoti, "Iwe wajuzi yofiira,
gwira ndodo iyi, iwongoke, usagwedezeke."
Ndinaima pathanthwe masiku asanu ndi anayi,
misundu ikukwera m'miyendo,
iye diso lili pagalasi, pensulo kukhutu.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anawerengetsa.
Anabwereza. Anakhala pansi, nabwerezanso.
Kenaka anaitana amuna onse
amene anali atatha masiku atatu akukumba dzenje la maziko:
"Ndalakwitsa ndine.
Dzenjeli lisunthe mikono inayi."
Kunangoti zii.
Wina anaponya khasu pansi, wina anatsonya.
Iye anapisa m'thumba, natulutsa chofufutira
chakuda ndi thukuta, chotha mbali imodzi,
nafufuta tsamba lonse ife tikuona,
nauzira nyenyeswa kumphepo.
Atalemba manambala atsopano
anatola khasu lija.

Ndinali ndisanaonepo munthu wophunzira akuvomera kulakwa.
Aphunzitsi athu akasokoneza pabolodi
ankakwapula amene waona.

Mlatho utatha anachoka m'mamawa, osatsanzika.

Bambo anagulitsa njati yamkaka kuti ndipite ku koleji ku Pokhara.
M'kalasi la anthu makumi asanu, atsikana tinali atatu,
mmodzi anakwatiwa chaka chisanathe.
Mayeso a konkire ndinalephera kawiri.
Usiku wina ndinamanga katundu,
ndinawerenga ndalama za basi,
ndikukonza bodza lokauza bambo.
Koma manja anakana kutseka chikwama.
Mmawa ndinapita kwa mphunzitsi ndi pepala lodzaza inki yofiira:
"Ndalakwitsa ndine. Ndionetseni pamene ndinapatukira."
Mawuwo anatuluka ndi kamvekedwe ka munthu wina.

Lero milatho yanga yakwana khumi ndi umodzi.
Pa wachitatu ndinasunthitsa chipilala anthu akudandaula,
mkulu wa ntchito sanandilankhule sabata yathunthu.

Mayi Rokaya ndinakumana nawo chaka chatha ku Surkhet,
pamsonkhano, pamzere wa tiyi.
Tsitsi laimvi, bondo lovuta, ndodo m'manja.
Mawu amene ndinawasunga zaka makumi awiri
anandithawa onse.
Ndinangotchula dzina langa, Kopila, ndi juzi yofiira ija.
Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anapukusa mutu.
Nditatchula mudzi, nkhope inawala:
"Aa! Kuja ndinaphonya mikono inayi!"
Anaseka mpaka tiyi anatayikira pansalu.
Ine anandiiwala, cholakwacho ayi.
Ndinkayesa zindipweteka.
Ndinawanyamulira kapu mpaka pampando,
tinakambirana za mtengo wa simenti.

Sabata ino tili kuchigwa china, kopanda msewu.
Kamnyamata kena, Tilak, kakundigwirira ndodo.
Kamagwedezeka, kamakanda mwendo,
kamafunsa mafunso pamene ndikuwerengetsa.
Sindikudziwa chimene kakuona mwa ine,
mwina nsapato chabe, mwina makina.
Dzulo ndinakalipira wantchito popanda chifukwa,
ndipo potembenuka ndinapeza maso ake ali pa ine.
Usiku tulo tinavuta.
Kwacha tsopano, nkhungu ikuchoka pamtsinje,
wantchito uja akuwotha moto kuseri kwa tenti.
Ndiyambe ndapita kumeneko
tisanatsegule bokosi lachikasu.